Yesi wa Mayi Wochapa Majezi

Tadala, wayatsa chinthu chakocho? Chabwino. Ulembe momwe ndikulankhuliramu, usakonze. Ndasankha iwe chifukwa unakulira ku Lilongwe, Chichewa umachilemba. Asuweni ako obadwira kunowa ukawafunsa kuti mwadzuka bwanji amakuyankha m'Chingerezi, ndiye tsiku lina akadzafuna kudziwa kuti agogo awo ankagwira ntchito yanji ku Mangalande kuno, udzawawerengera ndiwe. Dzina ulembe lonse, Esinati Nambewe. Zaubwana tisiye, sukulu ndinangoiona podutsa.

Ntchito yoyamba, bambo ako ali kumbuyo

Ndinayamba ntchito yochapa pa sukulu ya atsikana yogonera komweko ku Dedza. Bambo ako ndinkawabereka kumbuyo, azakhali ako a Grace akuyenda kale. Tinkachapa ndi manja pa masinki a simenti, mwezi wa Juni zala mpaka kuuma. Amatroni athu anali mayi wovuta, sopo ankadula ndi ulusi kuti pasatayike kanyenyeswa. Koma anandiphunzitsa chinthu chimodzi chomwe ndinabwera nacho mpaka kuno. Anandipeza ndikuthira madzi otentha pa nsalu ya magazi, anandimenya padzanja, amvekere, "Nambewe, magazi ukawathira otentha wawaphika, sachokanso. Nyika m'madzi ozizira." Ulembe zimenezo, zibweranso.

Chaka chomwe anabadwa Chisomo

Agogo ako aamuna atamwalira, a Grace anali kale kuno, akugwira unesi ku chipatala cha New Cross ku Wolverhampton. Anandiitana kuti ndidzawalelere Chisomo chifukwa mashifiti sankawapatsa mpata. Chisomo atayamba sukulu ine ndinangotsala m'nyumba kuyang'ana mvula pawindo, ndiye mapepala anga atatheka ndinayamba kukilina maofesi. Kenako banja linasamukira ku Sparkhill kuno, ndipo mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti ku yunivesite akufuna munthu wochapa zovala za osewera mpira. Dzina la yunivesiteyo usalembe.

Pa intavyu anandifunsa zambiri. Ine Chingerezi changa nthawi imeneyo chinali yesi, thenkyu ndi sore. Makina mumawadziwa? Yesi. Loweruka mungabwere? Yesi. Akanandifunsa ngati ndimayendetsa ndege ndikanati yesi. Usaseke, kwathu wamkulu akamalankhula umavomera kuti adziwe kuti ukumva. Anandilemba ntchito.

Zaka za majezi

Kachipinda kanga kanali pansi, kuseri kwa malo ovalira anyamata. Munali makina awiri, koma ena nthawi zonse amakhala ofa, ukakonza awa awo afa. Supavaiza wanga, mayi Pauline, ankatsekera sopo m'kabati ngati amatroni a ku Dedza aja, moti ndinkati kaya anabadwa mimba imodzi. Masokosi ndiye ankasowa sabata iliyonse, sindikudziwa kuti anyamata amenewo ankawadya kapena chiyani. Matope a kuno ndi omata ngati phala. Ndinkayamba ndachapa ndi manja makolala onse ndi m'khwapa ndisanaponye m'makina, ndipo majezi anga ankawala mpaka matimu ena kufunsa kuti mumachapitsa kuti.

Kochi wa timu anali bambo Martin, chimunthu chachikulu, nkhope yofiira, mawu ngati lole. Ndi iwo anayamba kunditchula kuti Mama Esi. Ulembe bwino apa, chifukwa sindikufuna kuti ana adzaganize kuti anali chilombo. Chaka china ndinaterereka pa ayezi pakhomo la ntchito, ndinathyoka dzanja. A Martin anasiya anyamata pabwalo, anandinyamula pa galimoto yawo, anakhala nane kuchipatala mpaka a Grace atafika. Nditabwerera, mabasiketi onse olemera ankanyamula okha kwa miyezi iwiri. Timu itatenga chikho anandikokera pakati pa chithunzi, chikho anandipatsa ine kuti ndigwire. Chithunzi chake ndi icho pamwamba pa TV.

Ndiye panali masapota. Mpira unkaseweredwa Lachitatu masana, ndipo kunkabwera ana a sukulu, makolo, ndi madoda omwe anasewerapo kale. Mkulu wawo anali bambo Dennis, dalaivala wa basi wopuma ntchito, ankayenda ndi belu la m'manja ndi fulasiki. Ndikamadutsa ndi tirole ya matawulo, a Dennis ankaliza belu, onse n'kuyamba kuimba dzina langa. Ankandithirira tiyi pa chivindikiro cha fulasiki, amvekere, "Mama Esi, shuga ziwiri ngati mwa masiku onse." Iwe wabwera kumene, sunadziwe. Kuno ukhoza kuyenda Stratford Road yonse, kugula nsomba, kugula ufa, kubwerera kunyumba, popanda munthu wokutchula dzina. Pabwalo paja ndinali munthu.

Chaka cha Jordan

Pachaka pankakhala mpira umodzi waukulu ndi yunivesite ina ya mumzinda momwemu. Tsiku limenelo anthu ankadzaza mpaka kumpanda. Mu timu mwathu munali Jordan, wosewera kumbuyo, wamtali, nambala faifi. Amayi ake ankagwira ya kukeya, yosamalira okalamba, ku West Bromwich, analera yekha. Ndinamuchapira zaka zitatu. Anali yekhayo wotembenuza masokosi ake asanaponye mubasiketi.

Pa mpira waukuluwo chaka chimenecho, kutatsala pang'ono kuti osewera apume, Jordan anawombana mutu ndi mnzake. Anadzuka, anthu anawomba m'manja. Nthawi yopuma anyamata onse analowa kovalira, wa mankhwala anatsalira pabwalo ndi wina wovulala bondo. Ine ndili m'kachipinda kanga, chitseko chinatseguka, a Martin akulowetsa Jordan. Magazi pamphumi, magazi pajezi. Mwanayo anagwada n'kusanza mu ndowa yanga yonyikira. Atadzutsa mutu anafunsa kuti tikusewera ndi ndani. A Martin anamuuza. Patapita kanthawi anafunsanso, tikusewera ndi ndani. A Martin anamugwira masaya ndi manja awiri, n'kumuuza kuti uli bwino mwana wanga, kwatsala pang'ono, timu ikukufuna. Kenako anatembenukira kwa ine. Wosewera saloledwa kulowa ndi jezi ya magazi, ndiye anati, "Mama Esi, faifi yoyera." Ndinatsegula kabati, ndinapereka.

Sanathe mpirawo. Anagwa yekha pakati pa bwalo, popanda womukhudza. Ambulansi inalowa mpaka pa kapinga. Ine ndinatsikira m'kachipinda kanga, ndinatenga jezi ya magazi ija n'kuinyika m'madzi ozizira, manja akungodzigwirira okha ntchito. Magazi anachoka onse. Jordan anakhala kuchipatala masabata ambiri, ndipo sukulu sanabwererenso.

Miyezi ya kafukufuku

Amayi ake anakadandaula ku yunivesite. Jordan ankakumbukira pang'ono kuti anasanza, a Martin anakana kuti sanaone chilichonse. Akuluakulu anawaimitsa kaye ntchito a Martin pamodzi ndi bwana wa zamasewero, n'kuitana anthu a kunja kuti afufuze.

Masapota anakwiya zoopsa. A Dennis ankaima ndi belu lawo kunja kwa maofesi masana onse. Ankati anthu a masuti omwe sanaimepo pamvula kuonera mpira akufuna kupha timu. Pa Facebook ankalemba kuti Jordan mutu sukuyenda bwino, akunena zolota, amayi ake ndiwo akumutuma. Madoda akale aja ankabwera ndi zithunzi zawo kudzanena kuti a Martin anawachotsa mumsewu, ena ankalira. Anafuna nsalu zolembapo dzina la a Martin, ndipo ndikuuze zoona, nsalu zakale zoyala patebulo lotikitira anyamata ndinawapatsa ndine. Ndinali nawo limodzi.

Kenako kalata inabwera yoti ndikaonekere kwa ofufuza aja. Mu basi ndinaganiza njira yonse, ndipo potsika ndinali nditatsimikiza kuti ndikakana. Munthu anandinyamula dzanja lili lothyoka, ine ndikamuchotsetse ntchito? Anandilowetsa m'chipinda cha pamwamba. Munali mayi wa magalasi ndi laputopu. Womasulira panalibe, poti mapepala anga a ntchito amati Chingerezi ndimamva. Mayiyo ankalankhula mwaulemu koma mothamanga. Ndinamva ndithu pomwe anafunsa kuti, ndiye inu simunaone Jordan akusanza? Ine ndinati yesi. Ndipo simunamve a Martin akumuuza kuti abwerere m'bwalo? Ine yesi. Anakweza mutu, anandiyang'ana, anafunsanso zina mofulumira, ine yesi, yesi, ndikungofuna kutuluka. Anandipatsa pepala, ndinasaina. Ndinatsika masitepe ndikudziwa kuti ndanama, komanso kuti a Martin ndawapulumutsa.

Sipanathe masabata awiri, nkhani inatuluka, kaya ndani anaulula, yoti mayi wochapa wanena kuti anaona zonse. Lachitatu ndinadutsa ndi tirole yanga, kunali zii. Belu silinalire. A Dennis anandiyang'ana, anatseka fulasiki, anatembenuka. M'mawa mwake ndinapeza wina walemba mawu pa tirole ndi penti yofiira. Ndinajambula pa foni, Chisomo anawerenga, anakana kundiuza, mpaka a Grace anati amatanthauza munthu wogulitsa anzake. Wina anathira matope m'makina omwe anali moyo. Pa Facebook ndiye panali zoti ndibwerere kwathu, zoti adandidyetsa pamanja ine n'kuwaluma. Atsikana awiri a sukulu anandisiyira kakhadi pansi pa chitseko kuti ndalimba mtima, koma ine khadiyo inangondisokoneza. Ngakhale kutchalitchi mayi wina wa ku Thyolo anandikokera pambali, amvekere, "Anambewe, munabwera kudzagwira ntchito kapena kudzaweruza azungu?"

Ndinawauza a Grace kukhitchini kuti ine sindikumvetsa, ndinakanatu ine. Iwo anasiya kudula anyezi.

"Anafunsa bwanji, amayi?"

"Anati simunaone."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati yesi."

A Grace anagwira mutu. "Amayi, kuno munthu akati simunaone, inu n'kuti yesi, ndiye kuti mwati ndinaona. Pokana mumati no."

"Komatu ndimavomerezana naye. Eya, sindinaone."

"Chimenecho ndi Chichewa, amayi."

Tinaseka, Tadala, mpaka misozi. Zaka zonsezi kuno, yesi yemweyo amene anandipezetsa ntchito. A Grace anati alemba imelo kuti andiitanenso ndi womasulira. Kenako anatola mpeni, osandiyang'ana, anafunsa ndi mawu awo aunesi aja, "Koma amayi, mwanayo anasanza kapena sanasanze?" Ine ndinati mvula ikubwera, ndikaanule zovala.

Imelo inapita. Mayi Pauline anamva, anauza a Dennis. Loweruka masana tinamva kugogoda, kutsegula, a Dennis ali pakhomo ndi maluwa, chipewa chili m'manja. Anakwera mabasi awiri kudzafika kuno. Anakhala pampando wakhala iwewo, Chisomo akutimasulira. Anati takulakwirani Mama Esi, ine ndine chitsiru chokalamba, ndikhululukireni. Anati penti ija akaichotsa okha. Ndiye anati, "Sitikukupemphani kuti mukaname. Mukangowauza zomwe munkatanthauza tsiku lija, basi." Ndipo apa m'pamene panali povuta, chifukwa ankanena zoona. Ndikanangoti ndinkatanthauza kuti sindinaone, silikanakhala bodza. N'zomwe ndinkatanthauzadi.

Lachitatu lotsatira anandiimbira kuposa kale. Chithunzi cha chikho chija anachikulitsa n'kuchimata pa nsalu, pambali pa dzina la a Martin. Pa Facebook anayamba kuseka ofufuza kuti alephera kumva gogo, nkhani yonse ndi yabodza, Jordan apepese. Tiyi ndinamwa, shuga ziwiri, koma sankatsika bwino.

Kutatsala masiku awiri kuti ndikaonekerenso, Jordan anabwera kudzatenga nsapato zake zomwe zinatsala m'kabati. Amayi ake anamugwira pachigongono potsika masitepe, mnyamata amene ankadumpha atatuatatu. Anavala magalasi akuda chifukwa kuwala kumamupweteka. Mayiwo anali atamva kuti ndikukabweza mawu, sanandipatse moni, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndinatulutsa nsapato, ndinali nditazipukuta. Jordan anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena pang'onopang'ono kuti pepani, nkhope yanu ndikuidziwa, koma dzina. Zaka zitatu, Tadala. Kunja bwalo lonse likuimba dzina langa, iye yekha lamuthawa. Ndinamuuza kuti ndine Mama Esi. Anati thenkyu Mama Esi, anatenga nsapato, anakwera masitepe limodzilimodzi.

Tsiku lachiwiri m'chipinda cha pamwamba

Mayi wa magalasi anali yemweyo. Womasulira anapeza wa ku Zambia, bambo Tembo a ku Chipata, koma tinkamvana bwinobwino. Mayiyo anayamba ndi kupepesa kuti sanaitane womasulira poyamba. Kenako a Tembo anati, "Akuti, tsiku lija pamene munati yesi, munafuna kukamba chani?"

Ndinati, "Ndinkafuna kunena kuti sindinaone."

Anamasulira. Mayiyo analemba, anapumira m'mwamba, anayamba kusonkhanitsa mapepala ake. Zinali zitatha. Ndikanatha kudzuka, kutsika, a Dennis anali panja ndi belu akundidikira.

Ndinati, "Bambo Tembo, auzeni adikire. Afunsa zomwe ndinkafuna kunena, ndawayankha. Tsopano andifunse bwino. Asati simunaone. Afunse kuti munaona."

A Tembo anandiyang'ana kaye, kenako anamasulira. Mayiyo anatsegulanso laputopu. Funso linabwera lalifupi.

"Akuti, munaona?"

"Ndinaona."

Ndinafotokoza za ndowa, za kufunsa kawiri kuti tikusewera ndi ndani, za manja a a Martin pamasaya. Ndinanenanso kuti tsiku loyamba ndinabwera kudzanama, Chingerezi n'chomwe chinandikaniza. Kenako ndinati jezi yoyera ndinapereka ndine, ndikuona kuti mwana sakudziwa komwe ali. A Tembo anatsitsa mawu, amvekere, "Amai, ivi va jezi nikambe?" Ndinati kambani zonse. Ndinawapemphanso kuti alembe zoti a Martin ndi munthu wabwino, anandinyamula nditathyoka dzanja. Mayiyo anati alemba, kaya analembadi.

Potuluka, a Dennis anakweza belu, akumwetulira. Ndinapita pomwe anaima, chifukwa sindinafune kuti adzamve kwa wina. Chingerezi chake, timawu tiwiri tokha, ndinali nditafunsa a Tembo pamasitepe. Ndinawauza kuti ndinaona. Anatsitsa belu pang'onopang'ono, analigwira lilime lake kuti lisalire, anapita.

Zaka ziwiri zomaliza

Lipoti litatuluka a Martin anachotsedwa ntchito, bwana wa zamasewero anasiya yekha. Masapota anagawikana. Madoda ambiri akale analeka kubwera, ankati timu inafa tsiku lomwe Martin anachoka. Makolo ena ankandigwira dzanja mwakachetechete pomwe anzawo sakuona. Ana a sukulu atsopano sankadziwa n'komwe kuti ndine ndani. A Dennis ankabwerabe, ankakhala kumapeto, koma sanandithirirenso tiyi, ndipo dzina langa silinaimbidwenso. Ndinachapa zaka zina ziwiri, mawondo atayamba kukana ndinapuma. Tsiku lotsanzikana mayi Pauline anandipatsa kiyi wa kabati ya sopo kuti ndisunge ngati chikumbutso, poti anali atasintha loko. A Martin sindinawaonenso. Ndimawapempherera, Jordan ndimamupemphereranso, Mulungu ndiye amadziwa momwe amazisanjira.

Wati chiyani? Sindikudandaula? Taona, iwenso wayamba kufunsa ngati mayi wa magalasi uja. Funsa molunjika, chinthu chimodzichimodzi. Za tsiku lachiwiri lija, ayi, sindidandaula, ngakhale Lachitatu masana ndimamvabe ngati belu likulira. Za jezi yoyera, eya, ndimadandaula, ndipo ndidzapita nazo kumanda. Ulembe zonse ziwiri, m'Chichewa, ndipo pamenepo pasapezeke yesi.